Chithunzi cha Amayi a Sitolo

Ntchito yanga kuno ku Dublin ndi yoimirira. Ndimalondera m'nyumba yoonetsera zithunzi, kuletsa alendo kuti asakhudze ndi zala. Chipinda changa ndi cha zithunzi zakale za ku Italy, ndipo pomvera oonetsa alendo tsiku ndi tsiku ndinadziwa za mafumu a kumeneko. Mfumu inkatenga mmisiri n'kumusunga pakhomo pake, kumudyetsa, kumuveka, kuti azimanga matchalitchi ndi kujambula makoma. Ine ndinakulira pa makwerero ku Limbe, ndikulemba mayina a masitolo ndi kujambula mitu ya anthu pa makoma a ometa tsitsi. Nkhanizi ndinkazimva mtima ukuwawa. Nanga mfumu yanga ili kuti?

Loweruka lina ndinafotokozera zimenezi amayi ena a ku Mulanje amene ali ndi sitolo ku Moore Street, omwenso amatsogolera gulu lathu la Akatolika ku Tyrrelstown. Sindinkangocheza ayi, ndinkatchera msampha. Ndinali nditamva kuti akufuna chithunzi chachikulu cha Amayi Maria choika mu holo imene timapempherera.

"Ndiye kuti ineyo ndikhala queen wa ku Italy?" anatero akuseka, n'kundiwonjezera tsabola waulere.

Patapita masabata awiri ndinamva kuti ntchitoyo aipereka kwa mnzanga wa ku Chipata, woyendetsa basi ya ku Finglas. Munthu amene ndinamuphunzitsa ndine kusakaniza penti! Anamupatsa kachipinda pamwamba pa sitolo, kiyi wakewake, ndi mbale ya chakudya masana alionse amene sanali pa basi. Zonse zimene ndinawauza anazichita bwinobwino, kungoti anazichitira wina. Nsanje inandigwira mpaka chakudya chinasiya kukoma.

Mnzangayo, munthu wopanda mtima woipa, anandiitana kuti ndikaone poyambira pake.

"Ba mudala, nithandizeni ma idea," anatero. "Imwe mukhala na ma Italian every day."

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chonyansa. Ndinamuuza kuti ku Italy mwini chithunzi, amene walipira mmisiri, ankajambulidwa momwemo, atagwada pakona pafupi ndi oyera mtima. Zimenezo ndi zoona. Koma anthu athu ndimawadziwa. Munthu wamoyo, wogulitsa usipa ndi mafuta ophikira, aoneke pambali pa Amayi Maria? Akanati ndi matama, amayiwo akanachita manyazi, ndipo mnzanga akanabweza kiyi. Ndinamulangizanso kuti asawauze, kuti zidzakhale zodabwitsa.

Tsiku lovundukula linali Lamlungu, Misa itangotha. Ndinaima kumbuyo, manja m'thumba, kudikira phokoso. Nsalu inachotsedwa.

M'chithunzimo amayi a sitolo anali pakona monga ndinanenera. Koma mnzangayo sanawajambule atavala za ku tchalitchi kapena ndolo zawo zagolide. Anawajambula ndi epuloni yothimbirira ija, mapazi otupa chifukwa choimirira, manja osweka ndi kuzizira atanyamula bokosi la chinangwa. Sanagwade n'komwe. Ankaoneka ngati angofika kumene pakhomo, ndipo Amayi Maria anali atatembenuka kuwayang'ana.

Amayi a sitolowo atadziona anakhala pansi n'kuyamba kulira. Azimayi ena, osamalira okalamba ndi okolopa m'maofesi, analira nawo, kenako nthungululu. Bambo mfumu anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Ndiye mnzanga, mwa ufulu wake wopwetekawo, anandiloza. "Idea yonse ni ya ba mudala aba." Anthu anandiombera m'manja. Ndinamwetulira ngati munthu amene wapondedwa chala mu Luas, sitima ya mu mzinda muno.

Anthu akumwa tiyi, amayi a sitolo anandipeza, maso adakali ofiira.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Pajatu inu kuntchito kwanu mumakhala ndi zithunzi. Tatipachikirani bwino, chisapendekeke."

Anandipatsa hamala ndi misomali iwiri. Ndinachipachika, n'kubwerera m'mbuyo kuti ndione ngati chawongoka. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, ndikufunafuna cholakwika chimodzi chokha choti ndipite nacho kunyumba. Ndinayang'ana manja aja, ndinayang'ana mapazi aja. Ndikanapatsidwa ine ntchitoyo, ndikanawaveka ndolo zagolide kuti andikonde. Amayiwo anasankha bwino, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire.