Timano ta pa Kompyuta ya a Mphande

A Killion Mphande a ku Kande ankadalira maso awo kuposa mmene anthu ena amadalirira abale. Pa unyamata wawo anali siginala, munthu uja amakhala m'bwato la nyali n'kumayang'ana m'madzi kuti auze anzake pamene usipa wasonkhana. Atatopa ndi nyanja analowa ntchito pa loji ina ya alendo, yokonza mapaipi, masoketi ndi zitseko zokana kutseka. Paliponse ankangoti iwo amaona, ndipo panalibe wotsutsa, poti zinali zoona.

Nkhani imene sankafuna kuimva inali ya bambo awo, amene ng'ala inawatseka maso onse awiri, mpaka anamwalira akuchita kugwiridwa dzanja popita kuseri. Choncho akazi awo a Dainess atayamba kudandaula kuti amuna awo akuthira tiyi pambali pa kapu, ndiponso kuti tsiku lina anapereka moni kwa mtengo wa papaya, a Mphande anati vuto ndi kapu, ndi yaing'ono. Za papaya sanayankhe. Madokotala a maso ankabwera ku Chintheche pakapita miyezi ingapo, ndipo a Dainess ankatchula tsiku lake ulendo uliwonse. A Mphande ankakana kwamtuwagalu.

Apa n'kuti atapuma ntchito. Mwini loji, pobwerera kwawo mu 2012, anawasiyira kompyuta yakale yokhala ndi gemu imodzi ya mpikisano wa magalimoto. A Mphande anaiika m'kachipinda ka m'mbali mwa msewu, ndipo ophika ndi operekera zakudya a m'maloji ankadzasewera pa tsiku lawo lopuma. Eni ake sankasewera. Ankati kuyendetsa galimoto yabodza ndi chibwana. Yawo inali ntchito yokonza chithunzi.

Gemuyo inali ndi timabokosi tiwiri tochonga. Ukachonga ka kuwala, dzuwa linkatuluka ngati lenileni, likunyezimira pa phula mpaka woyendetsa kutsinzina. Koma m'mphepete mwa chinthu chilichonse, kaya mapolo, kaya mawaya, kaya madenga a magalimoto, munkamera timano ngati ta sowo. Ukachonga ka kusalaza m'mphepete, timano tinkatha, koma kuwala kunkafa, dziko lonse n'kutuwa ngati ufa wa kondowole. Ukachonga kamodzi, kanzake kankazima kokha. Mlendo wina wa pa loji anawauza kuti m'kati mwa kompyuta muli khadi imene imajambula zithunzizo, ndipo khadiyo ili ndi tsamba lakelake pamene munthu angaikakamize kuchita zonse ziwiri, gemu ifune isafune. Atanena zimenezi anakwera thiraki yake ulendo wa ku Tanzania, a Mphande n'kutsala ndi ntchito ya zaka ziwiri.

Ankayamba m'mawa, magetsi akalola. Kusalaza ankakuika pa 2, pa 4, pa 8. Pa 8 galimoto inkayenda modukizadukiza ngati minibasi yosaka anthu pa Mpamba. Pa 4 sikirini nthawi zina inkangoda bii. Ankachepetsa mithunzi, ankatsitsa kukula kwa chithunzi, ankatsegula bokosi n'kupopera fani ndi pampu ya njinga kuti mchenga uchoke. Osewera ankadikira pa benchi akuyasamula. Iwo analibe nato ntchito timano, ankangofuna kugundanitsa magalimoto.

Amene ankamvetsa nkhondoyi anali a Alick okha, mphunzitsi wochokera ku Dedza, amene pa zaka zisanu anaphunzira mawu awiri a Chitonga, "ada" (bambo) ndi "yewu" (zikomo), ndipo sankawaumira. Ndiwo anamasulira Chingerezi cha pa tsamba la khadi poyamba, a Mphande n'kuloweza pamene chilichonse chili, moti pambuyo pake ankangodina osawerenga. A Alick anawachenjezapo kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. A Mphande anayankha kuti pusiyo analibe sikuludiraiva.

Ndipo zinthu zinayambadi kuyenda. Mwezi ndi mwezi timano tinkafupika. Dzuwa la mu gemu linayamba kuwala mofewa, litazunguliridwa ndi kankhungu kokongola. A Mphande sankadziwa bwinobwino kuti ndi batani liti lachita zimenezi, koma sanadabwe, chifukwa munthu ukalimbikira zinthu zimagonja. Lachiwiri lina m'mawa anayatsa kompyuta n'kupeza kuti nkhondo yatha. Kuwala kunali konse, ndipo mapolo anali osalala kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mtima wawo unadzaza chimwemwe. Anavala shati yawo ya ku loji, n'kutumiza uthenga kusukulu kuti aphunzitsi adzere akaweruka. A Dainess nawonso anaitanidwa, ndipo anaima pakhomo ndi beseni la chinangwa.

A Alick anakhala pa mpando, anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anakanda m'mutu.

"Ada, timano tilipo."

"Pati, aphunzitsi?"

"Paliponse."

A Mphande anaseka, n'kunena kuti maso a ku Dedza anazolowera nkhungu. A Alick sanaseke nawo. Anatsegula tsamba la khadi n'kuloza ndi chala. Kusalaza kunali kozima. Mwina kompyuta inadzibwezera pachiyambi magetsi atathima tsiku lina, ndipo palibe akanadziwa kuti ndi liti. A Mphande anawerama kuti adzionere okha, mpaka mphuno inakhudza galasi. Pamene panayenera kukhala mawu panali kamzere kotuwa basi.

Anadzuka n'kuyang'ana kunja. Polo ya magetsi ya patsidya pa msewu inali yosalala ngati ya mu gemu. Dzuwa pa malata a golosale linali ndi kankhungu komweko. A Dainess nawonso, pakhomo paja ndi beseni lawo, analibe m'mphepete. Apa a Mphande anachita mantha, mantha enieni, ndipo anakumbukira kulemera kwa dzanja la bambo awo pa phewa pawo.

A Dainess sanawanyoze, ngakhale mpata unalipo waukulu. Anangotula beseni pansi.

"Akubwera Lachisanu, bambo a Jane."

"Ndani?"

"Mukuwadziwa."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachisanu a Mphande anali woyamba pa mzere, atavala shati yomwe ija. Madokotala anati ndi ng'ala, maso onse awiri, koma anafika nthawi idakalipo. Anawapanga opaleshoni diso lakumanja kaye. Atachotsa bandeji anauzidwa kuti apewe fumbi ndi ntchito zolemetsa, ndipo iwo anafunsa ngati kuyatsa kompyuta n'kolemetsa.

Anaiyatsa a Alick ali pomwepo. Polo iliyonse inali ndi timano take, takuthwa, toonekera kamodzikamodzi, mpaka pa waya wa kutali kwenikweni. Chithunzi chinali choipa kuposa mmene ankachikumbukira. A Mphande anachiyang'anitsitsa, diso latsopano likutuluka misozi, imene anati ndi ya mankhwala. A Alick anatambasula dzanja kuti aike kusalaza pa 4.

"Tisiyeni, aphunzitsi," anatero a Mphande. "Ndikutiwerenga."

Kusalaza sikunayatsidwenso. Ophika a m'maloji anasangalala, poti tsopano ankasewera osadikira. M'mawa uliwonse a Mphande amayatsa gemu, amaimitsa galimoto pafupi ndi polo yoyamba, n'kuyang'ana. Timano tikakhalapo, amapita kukadzithirira okha tiyi.