Alamu Anakwecha Ndolo za Mayi Anga

Mayi anga atamwalira anandisiyira ndolo zasiliva zokhala ndi timiyala takuda tonyezimira, tomwe ogulitsa amati makasaiti. Malamulo ake ndinawaloweza ndili mtsikana: osasamba nazo, osazithira pefyumu, kungozipukuta ndi kansalu kofewa kouma. Timiyalato n'tomata ndi guluu, madzi akalowa timagwa. Kuda kwa m'mphepete mwakemo ndi kumene kumachititsa timiyalato kuwala. Ndinazisunga zaka zambiri kuti mwana wanga wamkazi adzazivale pa chinkhoswe chake.

Tsikulo litayandikira, kwathu ku Chilomoni kunafika alamu anga a ku Bangwe, achemwali a amuna anga, ati kudzathandiza. Mayi amenewa ukhondo unawalowa ngati matenda. Mapoto awo amakwechedwa ndi mchenga mpaka kubooka, ndipo amawayanika panja kuti oyenda pamsewu adziyang'anirepo. Chinthu chakuda kwa iwo ndi tchimo.

M'mawa wa chinkhoswe ndinaika ndolozo patebulo n'kuthamangira kumsika. Pobwera ndinapeza alamu ali khale pakhonde, mswachi kumanja, mbale ya phulusa pambali.

"Alamu, mukanatichititsa manyazi," anatero. "Mwana avale zinthu zakuda bii pamaso pa akuchimuna? Akanati ndife auve. Ndazinyika m'madzi otentha a sopo, onani mmene zayerera!"

Zinayeradi mbee, ngati supuni yatsopano. Pamene panali timiyala panangotsala timaenje.

"Nanga timiyala tija?"

"Tija tinali timiyala? Ine ndimayesa litsiro. Madziwo ndataya kuseri."

Ndinathamangira kuseri misozi ili chuchuchu. Ndinapeza msoti womwe tinaumangirira pamenepo, woti tikapereke kwa akuchimuna posinthana ndi tambala wawo, ukutolatola m'matope mwachangu. Nkhuku ikaona chonyezimira siifunsa mwini wake. Ndinagwada n'kufufuza ndi zala, osapeza ngakhale kamodzi.

Mwana wanga anavalabe ndolozo, ati n'za agogo ake. Alamu anazungulira tenti yonse kuuza alendo kuti pakadapanda iwo, mwanayo akanaoneka ngati wogulitsa makala. Anthu anawayamikira, ndipo mpaka lero sanapepese, poti sakuona chomwe analakwa.

Ankhoswe atasinthana nkhuku, ndinayang'anitsitsa msoti uja ukupita m'manja mwa eni ake atsopano. Akuchimuna anatenga mwana wanga, anatenganso timiyala ta mayi anga m'nthutumba ya nkhuku. Ine ananditsalira alamu.