Tsiku lomwe wapolisi anafunsa mkazi wanga za mfuti

Ku Lilongwe ndinayenda ndi pisitolo m'chiuno zaka zisanu. Ndinali dalaivala wa bwana wina wa mathiraki, ndipo mapepala a pisitoloyo inayendetsa ndi kampani. Ndinkaibisa mkati mwa shati, kumanja kuno. Sindinawomberepo munthu, ngakhale galu. Koma ndikalowa pamalo ndinkayenda mosiyana ndi anthu ena, ndipo zimenezo ndinazizolowera.

Nditabwera ku Leicester ndinayamba kuyendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, m'weyahausi. Tsiku lina pa buleki ndinafunsa mnzanga wachizungu kuti laisensi yoyenda ndi pisitolo amadula kuti. Anaseka mpaka tiyi kumutsamwa. Anati kuno pisitolo munthu wamba saloledwa, kaya m'thumba kaya m'nyumba, ukapezeka nayo ndi ndende basi. Yomwe ungapemphe ndi mfuti yaitali yowombera mbalame, nayonso yokhala mokhoma, osati yoyenda nayo kumsika. Loweruka lake ananditengera ku famu ina kupitirira Loughborough, komwe makina amaponya timbale tadothi m'mwamba anthu n'kumawombera. Pa timbale khumi ndinaphwanya tisanu ndi tiwiri. Pobwerera n'kuti nditatsimikiza kale kuti ndikufuna yangayanga.

Ndinaaplaya. Fomu ya kwa dokotala, anthu ondiikira umboni, kabati yachitsulo yomwe ndinaikhomerera ndekha kukhoma kuchipinda, zonsezo ndinachita. Chinatsala n'chakuti wapolisi woona za mfuti abwere kwathu ku Beaumont Leys adzandione ndi maso. Akakhutira, satifiketi ituluka. Akapanda kukhutira, zathera pomwepo.

Ndinene pano kuti ine mtima wanga ndi wapachala. Sindibisa. Koma mkazi wanga sindinam'menyepo, ndipo ndinkaona ngati zimenezo n'zokwanira.

M'mawa wa tsikulo ndinamupeza akusita yunifomu yake, amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ndinati, "Mayi, mlendoyu akabwera inu mungopereka tiyi. Zolankhula ndilankhula ine."

"Chabwino, bambo."

Sanadzutse mutu, koma sindinaganize kanthu.

Wapolisiyo anafika cha m'ma teni. Anali mzungu wachikulire wa imvi, wosavala yunifomu, atangonyamula faelo. Anakoka kabati ija mwamphamvu kuti aone ngati igwedezeka. Siinagwedezeke. Tinatsika pabalaza n'kuyamba mafunso. Mowa ndimamwa wochuluka bwanji, mfuti ndikuifunira chiyani, kuntchito ndinayambanapo ndi munthu kapena ayi. Ndinkayankha bwinobwino, mpaka tinaseka nditamuuza za timbale tija.

Kenako mkazi wanga analowa ndi tiyi pa thileyi. Anapinda maondo pang'ono poika patebulo, maso ali pansi, n'kutembenuka kubwerera kukhitchini. Kwathu mkazi woleredwa bwino amatero pakabwera mlendo wa mwamuna wake, ndipo ine ndinanyadira. Koma mzunguyo anasiya kuseka. Anamutsatira ndi maso mpaka pachitseko.

"Mayi, taimani kaye," anatero pa Chingerezi. "Inu mukuti bwanji zoti m'nyumba muno mukhale mfuti?"

"Alibe nazo vuto," ndinayankha ine.

Analemba kena kake m'faelo muja. Anayang'ananso mkazi wanga. "Munakambirana awirinu asanaaplaye?"

"Tinakambirana," ndinatero. Linali bodza. Ndinangomuuza tsiku lomwe kabati inafika.

Anaika bolopeni pansi. "Bambo, ndafunsa iwo."

Munthu wandipeza m'nyumba mwanga, wakhala pampando wanga, ndiye azindiuza nthawi yolankhula? Ndinamufotokozera kuti kwathu mkazi waulemu salankhulalankhula pamaso pa mlendo mwamuna wake ali pomwepo, ndi chikhalidwe, si mantha.

"Ndamva," anatero mofatsa. "Ndiye ndilankhule nawo paokha, inu mulibe. Sitichedwa."

Ndikanakana, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinadzuka n'kutulukira khomo lakuseri.

Kunja kunali kuzizira, ine ndili ndi shati yokha ndi masilipasi. Ndinaima pakapinga n'kumayang'ana pagalasi la chitseko. Mawu sindinkamva. Mkazi wanga anakhala kumapeto kwa sofa, manja ali pamiyendo. Ndinadziuza kuti palibe choopa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu tili m'banja. Alangizi anamuuza ukwati usanachitike, ndiponso mayi ake anabwereza ine ndikumva, kuti za m'nyumba sizituluka kunja. Ngakhale kwa mchemwali wake sanandinenepo. Ndiye akandinene kwa mzungu yemwe wamuona lero?

Komabe mutu unayamba kuwerenga wokha. Ketulo yomwe ndinaimenyetsa pansi. Foni yake yomwe ndinaiponya kukhoma chifukwa sanayankhe ndikumuimbira. Tsiku lija pa raundabauti mnyamata wa vani anandidula, ndinamuthamangitsa mpaka kudutsa maloboti atatu, mkazi wanga atagwira lamba ndi manja awiri akukuwa kuti ndiime. Zonsezo ndinkaziona ngati zinthu zosiyanasiyana, chilichonse ndi chifukwa chake. Nditaima pakapinga paja zinandandalikana pamzere umodzi.

Ndinayang'ananso. Manja ake anali atachoka pamiyendo, akuyenda m'mwamba. Ine ndimamudziwa. Manja amayenda choncho akamafotokoza nkhani yaitali. Wapolisi sankalemba, ankangomvetsera. Mayi woyandikana nafe anatuluka kudzayanika zovala n'kundipatsa moni pampanda. Ndinagwira chogwirira cha chitseko, n'kuchisiya. Ndinachigwiranso. Ndinadziwa kuti ndikalowa ndili choncho ndiye kuti ndamupatsa ndekha wapolisiyo yankho lomwe akufuna.

Patapita mphindi ngati makumi awiri anandikodola. Anandigwira chanza, anati zikomo chifukwa cha tiyi, yankho lidzabwera pakalata. Nkhope yake sinandiuze kanthu. Ndinamuperekeza pakhomo, ndinadikira galimoto yake ikhote, ndinatseka chitseko.

Ndinamupeza mkazi wanga kukhitchini akutsuka makapu.

"Mwamuuza chiyani?"

"Zomwe anafunsa."

"Anafunsa chiyani?"

"Ngati mumapsa mtima. Ngati munaswapo zinthu. Ngati ndinayamba ndakuopanipo."

"Ndiye mwati chiyani?"

Anatseka mpopi. "Ndati ee."

"Ee pa chiti?"

"Pa zonse zitatu, bambo."

Ndinamenya tebulo ndi chikhatho, sipuni zinadumpha. "Iwe! Ndinakumenyapo ine? Tanena, ndi liti ndinakukhudza? Wandivula pamaso pa mzungu m'nyumba mwanga! Ndi zimene anakulangiza kwanu zimenezi?"

Sanalire, sanakuwe. Anayenda pang'onopang'ono chammbali mpaka tebulo linakhala pakati pa iye ndi ine, msana wake uli chakukhomo lakuseri. Dzanja lake linali kale pa kiyi. Anachita zimenezo osayang'ana n'komwe, ngati munthu wotsika masitepe a nyumba yomwe wakhalamo zaka zambiri.

"Kundimenya simunandimenyepo, ndamuuzanso zimenezo," anatero. "Koma taonani pomwe ndaima. Pano ndi pomwe ndimaima nthawi zonse mukayamba, inu simuona. Mukakhala ndi manja okha ndimadziwa kuti ndituluka. Nanga mfuti ili kuchipinda, ndiziima pati?"

"Ikhala yokhoma!"

"Kiyi asunga ndani?"

Chikhatho chinali kuwawa. Ndinkafuna kuphwanya chinachake, ndipo ndinaona kuti iye akudziwa zimenezo, akungodikira kuti chikhala chiti.

"Bwanji simunandiuze ine?" Mawu anga anatuluka okwera kuposa momwe ndinkafunira.

"Munandifunsa? Kabati inangofika. Munthu woyamba kundifunsa ndi ameneyu, ndiye ndiname? Ndakulemekezani zaka zonsezi, bambo. Pa ichi chokha ayi."

Ndinatenga makiyi a galimoto n'kutuluka. Sindinailize. Ndinangokhala mkati pamalo oimika magalimoto, manja ali pa chiwongolero, mpaka nthawi ya shifiti yamasana inakwana. Kuntchito mnzanga uja anandifunsa kuti zayenda bwanji. Ndinamuuza kuti asamale zake.

Masiku atatu sitinalankhulane kupatula moni. Iye ankaphika, ine ndinkadya. Sanapepese, ndipo ndinaona kuti sadzapepesa. Tsiku lachinayi pa buleki ndinaimbira ku ofesi ya wapolisi uja n'kunena kuti fomu yanga aisiye, sindikufunanso. Mayi yemwe anayankha anafunsa ngati pali chifukwa. Ndinati palibe.

Madzulo ndinamuuza mkazi wanga ali kuseri akuanula zovala. Anangoti, "Zikomo," n'kupitiriza kuanula.

Sindinama kuti ndinasintha tsiku limenelo. Mtima udakali womwewo. Ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinaimba foni ija chifukwa ndinamumvetsa, kapena chifukwa sindinkafuna kudzatsegula kalata yondikana iye akuona.