Yamikani Kapena Conor

Nyumba yathu ya ku Lucan inkanunkha matope ndi thukuta kuyambira Malichi mpaka Julayi chaka chimenecho. Fungolo linkayambira pakhomo penipeni, pomwe achimwene anga a Yamikani ankayanika zovala zawo zampira pa rediyeta yotenthetsera nyumba ya m'kolido. Pankakhala zotchinjiriza mapewa zolimba gwa, masokosi aatali osauma msanga, ndi helemeti yakuda yokhala ndi timipiringidzo kumaso. Rediyeta ikatentha, fungo linkakwera masitepe n'kukandipeza m'chipinda changa. Amayi ankatsekula mawindo ngakhale kunja kukuwaza mvula, koma silinkachoka. Ine ndinali ndi zaka khumi.

Achimwene anali atangotha chaka chimodzi chibwerereni kuchokera ku Zomba. Makolo athu anawasiya kwa azakhali ali aang'ono, poganiza kuti mapepala atheka m'miyezi yochepa, koma zinatenga zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndinabadwira ku Dublin konkuno, ndipo ndinkangowadziwa pa foni. Tsiku lokawachingamira ku eyapoti anatuluka ali aatali kuposa adadi, ndipo adadi anawapatsa moni wapamanja ngati mlendo wa ku tchalitchi. M'nyumba ankayenda monyang'ama. Ankapempha kaye asanatsekule filiji. Patebulo adadi ankafunsa za kukoleji, iwo n'kuyankha kuti zili bwino, kenako tonse tinkangomva masupuni.

Mpira wa ku America anaupeza kudzera mwa mnzawo wa m'kalasi. Sinali timu ya anthu olipidwa ayi. Munali oyendetsa mabasi, omanga nyumba ndi ana asukulu, ndipo ankabwereka bwalo la ragibi Lamlungu masana. Kochi atawaona kutalika ndi liwiro, anawaika pamalo otchedwa layinibaka: munthu woima kumbuyo kwa mzere wa otchinga, amene ntchito yake ndi kuzindikira kumene mpira ukulowera, kuthamangira komweko, n'kugwetsa wounyamula. Tsiku la gemu yoyamba adadi anangopita kukawatula pagalimoto. Sanabwerere. Anaima m'mbali mwa bwalo mpaka pamapeto, nsapato zakutchalitchi zitanyowa, ndipo madzulo ake analankhula kwambiri kuposa mmene ndinawamverapo chibadwire.

Pofika Epulo m'nyumba mwathu munalowa dzina la Conor. Anali mnyamata wa ku Crumlin, wa timu ina, nayenso layinibaka, nayenso m'chaka chake choyamba. Pakutha pa nyengo ligi inkapereka mphotho kwa wotchinga watsopano amene waposa anzake, ndipo onse ankati mayina ndi awiri okha: Yamikani kapena Conor. Adadi anaitenga nkhaniyi ngati mlandu woti auweruze okha. Ankafunafuna mavidiyo a magemu a Conor pa foni, n'kumawabwereza ali ndi magalasi pamphuno. Tikatha kudya ankasandutsa tebulo bwalo. Botolo la mchere linkakhala Conor, la tsabola Yamikani, makapu n'kukhala adani.

Adadi ankati Conor anakulira m'masewera ogwetsana, choncho amawerenga gemu isanayambe, sathamanga pachabe, ndipo mpira ukaponyedwa m'mwamba amatha kuuwakha. Koma Yamikani ankafika msanga, ndipo akagunda munthu phokoso linkamveka mpaka koimika magalimoto. Conor ankagwira munthu m'miyendo n'kumugoneka pansi bwinobwino. Yamikani ankangolowa ndi thupi lonse, moti anyamata a matimu ena anayamba kuopa kudutsa mbali yake. Adadi ankayeza zonsezi mwachilungamo, n'kumupatsa Conor zomuyenera, koma chigamulo chinkakhala chimodzimodzi: Yamikani. Achimwene ankatsutsa pena, n'kusuntha kapu kuti awaonetse pomwe alakwitsa, ndipo awiriwo ankaseka mitu itagundana pamwamba pa tebulo. Lamlungu tikatuluka Misa, pa tiyi wa mu holo ya parishi, adadi ankazungulira ndi foni kwa Amalawi anzawo ndi a ku Zambia omwe. Ndi kumeneko ndinawamva koyamba akunena kuti mwana wanga, akuloza achimwene.

Ine ndinayamba kuona zina mu Meyi. Lolemba lina nditaweruka kusukulu ndinapeza makatani onse otseka, ndipo kubafa kunkamveka munthu akusanza. Achimwene anatuluka atagwira khoma, maso atatsinzina. Anandiuza kuti adya china chake choipa. Patapita masiku ndinapeza mkaka m'kabati ya mbale. Tsiku lina anandiitana dzina la mwana wa azakhali a ku Zomba, kawiri konse, osazindikira. Ankakonda kunditenga kukayenda m'mbali mwa mtsinje wa Liffey, pansi pa mitengo, kumene ankandiphunzitsa mawu a Chichewa n'kumaseka katchulidwe kanga. Ulendo wina anandifunsa katatu ngati ndatseka chitseko, tisanafike n'komwe pamlatho. Dzuwa likawala pamadzi ankatembenuza nkhope ngati wawazidwa tsabola.

Ndinawafunsa m'Chingelezi, monga ndinkayankhulira nthawi zonse, ngati mutu ukuwapweteka. Anakhala pa benchi ina.

"Tadala, usauze munthu. Amayi akamva andiletsa. Kwatsala magemu atatu basi."

Ndinati amayi ndi nesi, angawapatse mankhwala.

"Waona mmene adadi akundiyang'anira masiku ano?" anatero. "Ndilonjeze."

Ndinalonjeza. Munthu ameneyu anali asanandipemphepo kanthu chibwerereni.

Amayi ankagwira ntchito kuchipatala chachikulu cha ku Beaumont, ulendo wa mabasi awiri kuchokera kwathu. Ankachoka ife tisanadzuke, n'kubwera kunja kukadali kowala chifukwa cha chilimwe, koma iwo atatheratu. Ankakhala pampando wa kukhitchini, mapazi m'beseni la madzi ofunda, akununkhira sopo wa kuchipatala. Ine ndinkaima pafupi, mawu ali pakamwa. Ndinkawakonza m'mutu, m'Chingelezi ndi m'Chichewa momwe, koma ndikatsekula pakamwa ndinkafunsa za yunifolomu yanga kapena ndalama ya basi. Tsiku lina anandiyang'ana n'kufunsa ngati achimwene anga ali bwino, poti akuoneka ogona kwambiri. Ndinayankha kuti ndi kutopa ndi mpira. Anagwedeza mutu n'kutseka maso.

Popeza kunena sindikanatha, ndinayesa njira zina. Ndinali nditamva kuti wopanda kachipangizo kotchinjiriza mano saloledwa kulowa m'bwalo, ndiye ndinakaba m'chikwama chawo, n'kukakaponya mu Liffey ndili pamlatho. Kanayandama pang'ono n'kupita. Loweruka lake achimwene anagula kena, n'kukawiritsa mu poto wa tiyi kuti kafewe, akuimba mluzu. Ndinabisa sokosi imodzi. Anabwereka ya mnzawo. Pa Misa ndinkapempherera Conor, mnyamata yemwe ndinali ndisanamuonepo nkhope, kuti asewere bwino kwambiri mpaka nkhani ya mphotho ithe yokha. Madzulo ena, mchere ndi tsabola zili pamalo pake, ndinanena mokweza kuti ine ndikuona kuti Conor ndiye katswiri, ndipo palibe chifukwa chodzivutitsira. Adadi anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti m'nyumba muno tikusunga mzungu. Achimwene sanaseke. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anabweza maso m'mbale.

Gemu yomaliza inali ya timu yathu ndi ya Conor, Lamlungu lotentha la mu Julayi. Amayi anali kuntchito. Bwalo linkanunkhira udzu wongotchetcha kumene ndi masoseji omwe azimayi ena ankaotcha pafupi ndi geti. Popeza onse awiri anali otchinga, sankalowa m'bwalo nthawi imodzi: wina akamasewera, mnzake ankaima kunja n'kumaonerera. Adadi ankathamanga m'mbali mwa mzere, n'kumandifotokozera chilichonse. Conor anawakha mpira m'mwamba, adadi n'kuvomereza kuti imeneyo ndi nzeru. Achimwene anagwetsa anthu awiri motsatizana, adadi n'kundigwedeza phewa. Ine ndinkangoyang'ana helemeti yakuda ija, n'kumawerenga mumtima nthawi imene ankatenga kuti adzuke.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, mnyamata wina wojintcha anadutsa pakati ndi mpira, ndipo achimwene anakumana naye mutu ndi mutu. Phokoso lake linali ngati la mbale yadothi yogwa pa simenti. Anthu anakuwa mokondwa. Achimwene anadzuka okha, ndipo ndinapuma. Kenako anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera mbali ya adani, kumene kunali benchi ya timu ya Conor, n'kukaima pakati pawo ngati kwawo. Ena anaseka poyesa nthabwala. Amene sanaseke anali Conor. Anavula helemeti yake, n'kuwagwira achimwene pamkono, kuwakhazika pansi, uku akukodola a chithandizo choyamba ndi dzanja linalo. Aka kanali koyamba kuona nkhope yake: kamnyamata kofiira ndi dzuwa, ka makutu aakulu, kooneka kamantha. Adadi anadutsa pakati pa bwalo akuthamanga, gemu isanaimitsidwe n'komwe.

Kuchipatala chimene anawatengera, amayi anatipeza ali mu yunifolomu, atabwera pa takisi. Dokotala wamkazi anafunsa ngati achimwene anagundidwapo mutu m'mbuyomu, ngati ankasanza, kuiwala, kapena kudana ndi kuwala. Adadi anati ayi, mnyamatayu anali bwinobwino. Amayi anati sanaonepo kanthu. Achimwene ankangoyang'ana khoma, ndipo sankadziwa kuti ndi tsiku lanji. Dokotala anayamba kulemba. Pamenepo mawu anatuluka okha, ndipo anatuluka m'Chichewa, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pamaso pa makolo anga.

"Akhala akusanza kuyambira Meyi."

Palibe anandikalipira. Amayi anamasulira kwa dokotala ndi mawu a kuntchito, osanjenjemera, n'kundifunsa zina zonse chimodzichimodzi: mkaka, dzina, mlatho. Atamaliza anatuluka m'kolido n'kukakhala pansi penipeni, msana kukhoma. Ndinawatsatira. Sanandiyang'ane.

"Zimenezi ndimaziona tsiku ndi tsiku mwa ana a eni ake," anatero.

Makina ounikira anaonetsa kuti magazi sanatayikire m'mutu, koma madokotala anati ubongo unagwedezeka kangapo usanachire, ndipo mpira uthere pomwepo. Chilimwe chonse chotsalacho achimwene anakhala m'chipinda chotseka makatani, osaonera TV, osagwira foni. Kukoleji anaima chaka chathunthu. Ife tinaphunzira kutseka zitseko mofatsa ndi kutsuka mbale mosagundanitsa. Kunja ana anzanga ankasewera mpaka mochedwa poti dzuwa silinkalowa msanga, koma ine ndinkakhala pa masitepe, pafupi ndi chitseko chawo, osadziwa ngati ndikuloledwa kulowa. Mphotho anapatsidwa Conor. Adadi anaiona nkhaniyo pa foni, n'kuiika foniyo m'thumba.

Adadi akaweruka kuntchito ankalowa m'chipinda cha achimwene n'kukhala pampando mumdima. Nthawi zambiri simunkamveka mawu. Tsiku lina ndili pa masitepe ndinamva achimwene akufunsa motsitsa ngati akanapambana akanapanda kuvulala. Adadi anati:

"Sindikudziwa. Conor ankadziteteza. Iwe sunkadziteteza, ndipo ine ndinkaziona. Ndinkaziona, koma ndinkasangalala."

Ndinangomva mpando ukukhwekhwerezedwa kuyandikira bedi.

Achimwene anachira, ngakhale osati kwathunthu. Lero amagwira ntchito yosamalira okalamba, ali ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo mutu umawagwirabe kukawala kwambiri. Ine nkhaniyi ndinaisenza zaka zambiri osaitchula. Chaka chatha, tili m'galimoto mwawo pa ulendo wokatenga ana kusukulu, ndinawapepesa. Ndinati ndikanalankhula mu Meyi muja, bwenzi zinthu zili zina, koma ndinaopa kuswa lonjezo. Anandiyang'ana modabwa n'kufunsa kuti lonjezo lake liti. Ndinawakumbutsa za benchi ija ndi mawu amene ananena. Anaganiza ndithu, manja ali pa chiwongolero, kenako anapukusa mutu. Miyezi imeneyo, kuyambira Meyi mpaka kuchipatala, inafufutika yonse. Zimene amadziwa za nyengoyo ndi zimene anauzidwa.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti moyo wa achimwene unali m'manja mwanga ndekha, ndipo kuti ndinaugwetsa. Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili pa nthawiyo, ndipo ndimaona kuti m'nyumba muja aliyense anali ataonako kachidutswa kake, n'kukasunga pa chifukwa chake. Ine changa chinali chakuti mlendo amene ankatchedwa mchimwene wanga anandikhulupirira kamodzi, ndipo sindinkadziwa kuti munthu ukhoza kumukonda pomuwulula. Kudziwa zimenezi sikunandipepukitse kwenikweni. Tsiku lija m'galimoto achimwene anangoti ngati anandipemphadi zotero, wopepesa ndi iwowo. Kenako magetsi a pa roboti pomwe tinaima anasintha, ndipo tinapitiriza ulendo.