Kambuzi kamene fisi sanadye

Mpaka dzulo, nkhaniyi ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, kusukulu ya kwacha, ndiye dzanja limachedwa. Komabe pepala liliko bwino, silindiyang'ana m'maso.

Chaka chimene chimanga chinapserera chisanamasule, kwathu ku Ngokwe kunabwera bungwe lina lachifundo ndi mbuzi zopatsirana. Lamulo lake linali limodzi: mbuzi yako ikaswa, mwana wamkazi woyamba upereke kwa mnzako wotsatira. Ine ndinalandira yofiira. Wonditsatira anali mayi wamasiye wa kuseri kwa mzikiti, amene ankalera yekha mwana wamkazi.

Mayiyo mbuzi yanga ankaisamala kuposa ine. Ankabwera ndi makoko a nandolo m'chitenje, n'kumaisisita pamimba.

"Achimwene, mukuimana chakudya mbuziyi. Mukufuna indiberekere khoswe?"

"Iyayi, mayi, ikunenepa kuposa mwini wake."

Inaswa kamodzi, kakakazi. Mayiyo anamangiratu kakhola ka nsungwi. Ankati manyowa ake adzathira kudimba, zikachuluka mtsikana adzapita kusekondale.

Kataleka kuyamwa, mtima wanga unatembenuka. Sindinganamizire njala, pakuti ufa tinali nawo pang'ono. Kanangondikongolera. Mkazi wanga atapita kukadwazika matenda ku Balaka, ndinakamanga panjinga n'kukakasiya kwa mlongo wanga, ndipo pobwera ndinazula mitengo itatu ya khola. Ndinati ndi fisi. Onse anakhulupirira, a bungwe omwe.

Mayiyo anabwera kudzandipepesa. Anakhala pakhonde, kenako anati, "Allah ndiye mwini, achimwene. Musadandaule."

Mbuzi yofiira ija pambuyo pake inangobereka atonde. Bungwe linasamukira kwina, nkhani n'kuzilala. Patapita nthawi ndinakatenganso kambuzi kaja kwa mlongo wanga, n'kunena kuti ndagula ku Liwonde. Mbuzi zonse zili m'khola mwanga lerozi zinachokera kwa iko. Mtsikana uja anasiyira sukulu kupulayimale, anakwatiwa ali wamng'ono, mwamuna n'kumuthawa. Sindikudziwa ngati mbuzi imodzi ikanasintha zimenezi. Ndayesa kudziuza kuti sikanasintha, koma sizikhazikika.

Mayiyo anamwalira mwezi wapitawo. Dzana kunali sadaka yawo. Ndiwo zinali masamba a nkhwani basi, alendo n'kumanong'onezana. Mwana wawo, tsopano mayi wa ana anayi, anandigwadira pondipatsa madzi osamba m'manja.

"Bambo, amayi ankakutchulani. Ankati fisi uja anatilaula tonse, koma inu ndi amene munaonda naye."

Ndinanyamuka chakudya ndisanamalize.

M'mawa mwake ndinasankha mbuzi ziwiri zabere, ndinazikoka kudutsa pakati pa mudzi anthu akuona. Mwana wa mayi uja ndinamupeza akusesa pabwalo. Anathamangira kukatenga mpando, koma ndinamuletsa. Ndinakhala pansi pafumbi, ndipo ndinamuuza kuti kunalibe fisi.