Chitini cha Nkhope ndi Denga la Alamu Anga

Ine kusukulu ndinangolawako, dzina langa ndimalemba mokhotakhota, koma nkhope ndimazidziwa. Nkhope za anthu, nkhope za pandalama, zonsezo ndimawerenga ine, ndipo sindiphonya.

Amuna anga ankayenda malonda a mtedza ndi nsomba zouma. Lero ali ku Vubwi, mawa alowa ku Malawi, mkuja ali ku Mozambiki. Anzawo pobwera ankabweretsera akazi awo zitenje, koma anga ankabwera ndi nkhope. Ankapempha kwa oyendetsa malole ndi kwa osintha ndalama a m'malire kuti awapatse ndalama zamapepala, mapepala aja anatha ntchito, oti boma lakwawo linawakana kalekale. Anthu ankawapatsa ulere uku akuwaseka. Iwo ayi, kulandira ndi manja awiri, kufika kunyumba kuwasita ndi simbi ya makala, kuwagoneka m'chitini cha mabisiketi.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankatseka chitseko kuopa mphepo ndi nkhuku, n'kuyala nkhope zija pamphasa. Ankandiuza kuti uyu anamenya nkhondo m'tchire, uyu anali mbusa ndipo anamuwombera, uyu ankalamula anthu a kutsidya kwa nyanja ali mkazi ngati ine. Mayina awo sankakhala m'mutu mwanga, ndiye ndinawapatsa anga. Panali Andevu, panali Amagalasi, panali Mayi Wachisoti, ndi wina wonyada wa chipewa cha mawangamawanga amene ndinkati Adzandiona.

Ine kwathu ndi ku Vubwi. Kuno kufupi ndi Sinda ndinabwera chitengwa, kudzakhala pakati pa abale a amuna anga, nyumba yanga kuyang'anizana ndi ya mlongo wawo. Alamu anga amenewa anali ndi matenda amodzi okha, kufuna chimene ine ndachikonda. Ndikayamikira mtondo wanga, mawa mtondo wasamuka. Ndikati thadzi langa lofiira likuikira bwino, thadzi lapita kukaikira kwawo. Chimene ndachinyoza sankachiyang'ana n'komwe. Zaka ndi zaka ndinkangoti chabwino alamu, tengani alamu, mtima uli thithithi.

Tsiku lina alamuwo anasuzumira pachitseko n'kuona mphasa ili mbwee ndi ndalama. Kuyambira pamenepo anauza mudzi wonse kuti mchimwene wawo ndi wolemera, koma mkazi wa ku Vubwi uja wakhalira chumacho. Ine sindinawatsutse. Ndiwatsutsirenji?

Amuna anga anamwalira tikutola thonje. Titameta, abale anakhala pansi pa mango kugawa za masiye. Njinga inapita, wailesi inapita, jekete linapita, mipando inapita. Panatsala zinthu ziwiri, ngolo ndi ng'ombe zake ziwiri zapagoli, ndi chitini chija. Amalume a malemu, munthu wopemphera, anati wamasiye asachoke manja lende, atenge chimodzi, koma ayambe kusankha ndi mlongo wa malemu poti ndiye magazi.

Ng'ombe zimenezo ndizo zinali moyo wanga. Zinkalima munda wanga, zinkatutira anthu chimanga ine n'kupezapo mchere ndi sopo. Popanda izo ndikanabwerera ku Vubwi ndi kamtolo pamutu, kumudzi koti amayi kulibe, abambo kulibe, nyumba inagwa. Ndinaona maso a alamu anga akulowera kukhola.

Ndiye ndinadziponya pansi. Ndinakumbatira chitini chija, kulira kuposa mmene ndinalirira pamanda, kugubuduka mpaka fumbi m'kamwa.

“Tengani ng'ombe, alamu, tengani ndi ngolo yomwe. Chitini chokhachi ndisiyireni.”

Khosi lawo linatembenuka pang'onopang'ono ngati la nkhukundembo. Anandilanda chitinicho, kutsegula pang'ono, kuona pepala lapamwamba lili ndi mazira ndandanda kumbuyo kwa nambala. Nawonso sukulu inawapita pambali, koma mazira ankawadziwa. Amalume anawafunsa ngati aona bwino, popeza chimene chanenedwa pamaso pa abale sichibwezedwa. Iwo anati sali mwana, ndipo mkazi wa ku Vubwi akhale ndi ndowe zakezo. Ine ndinapita kuseri kwa khola ndikusisimabe. Nditafika kuseriko ndinagwira nyanga ya ng'ombe yakuda n'kuvina, kuvina mwakachetechete, phazi lokha likuyankhula.

Alamu anga sanafune kukasintha chuma chawo msanga, ankati akuba aiwale kaye. Koma pakamwa sipanadikire. Anauza aliyense kuti chaka chino agona m'malata. M'chilimwe, dzuwa litafika poswa mtengo, anakweza anthu padenga la nyumba yawo, kusasula udzu wonse, kuutentha pabwalo kuti anthu aone utsi. Anapha mbuzi yawo imodzi yokhayo kudyetsa osasulawo. Nanenso ananditumizira kachidutswa, ati ndilaweko za anthu olemera. Ndinadya. Inali yonona bwino.

Kenako anavala chitenje chatsopano, kukwera minibasi ya ku Katete, chitini pamiyendo. Zakumeneko anandiuza ndi mnzanga wogulitsa tomato pamsika, amene anawatsatira mpaka pakhomo la banki. Akuti mtsikana wa pawindo anayala nkhope zija, kuziyang'ana, kuitana anzake kuti adzaone, n'kunena mwaulemu kuti, “Amama, akuluakulu awa anapita, ndi ndalama zawo zinapita nawo.” Alamu anati mwana ameneyu ndi wakuba, akufuna azitenge yekha. Anatuluka kupita kwa osintha ndalama a m'mbali mwa msewu. Kumeneko ndiye kunalibe ulemu. Wina anakweza Adzandiona m'mwamba kuti msika wonse uone, wina anati chitini chokhacho angagule, asungiremo misomali.

Anabwera madzulo, nsapato m'manja. Sabata yomweyo mvula yoyamba inagwa.

Mvula inagwa, mvula inagwa, inalowa m'nyumba yopanda denga ngati kwawo. Inanyowetsa ufa, inanyowetsa mabulangete, makoma anayamba kusungunuka m'mwamba. Udzu wapafupi unali utapsa ndi lupsa. Wotsala unali kwa anthu a kutsidya kwa dambo, kutali koti pamutu sungathe. Ngolo pamudzi pathu inali imodzi.

Anabwera m'mawa, kugwada pakhonde langa, iwo amene sanandigwadirepo.

“Alamu, ndibwerekeniko ngolo.”

Ndinati pepani alamu, ng'ombe zili kumunda, mvula yoyamba sadikira nayo. Anabweranso, ndinati yakuda ikutsimphina. Anabweranso akutsokomola, ndinati goli lathyoka, uku goli lili poteropo likutiyang'ana. Nditaona kuti khoma lina layamba kupendekeka, ndinati chabwino, ngolo ilipo, koma siyenda ulere. Anati alibe kanthu. Ndinati muli nacho, alamu, chitini cha amuna anga, ndipo mubwere nacho masana, pamutu, anthu ali pabwalo.

Anachisenza. Anadutsa pabwalo lonse, ana ali pambuyo, amayi asiya kusinja. Ine ndili pakhonde ndikuomba m'manja, ndikuitana alendo anga mmodzimmodzi, bwerani Andevu, bwerani Amagalasi, Mayi Wachisoti mwayenda bwanji ku Katete.

Ngolo inapita kukawatutira udzu. Ena mwa alendo angawo anali atanyowa m'mphepete. Ndinawasita ndi simbi yomwe ija mpaka anawongoka. Masiku ano nanenso ndikapita ku Sinda ndimapempha kwa a malole, ndipo ndapeza wina wamasharubu, wa dziko loti sindilidziwa. Ng'ombe zija zinakalamba, ndinasinthitsa ndi zina, ngolo ikuyendabe.

Lamulungu ndimayala nkhope zanga pamphasa, koma chitseko sinditseka ayi. Nkhopezo ndimazitsindira ndi timiyala, khomo lili pululu kuyang'ana kwa alamu. Chifuwa cha mvula ija sichinawachoke. Akayamba kutsokomola kutsidyako, ine ndimayambitsa nyimbo, ndipo amandivomera bwino.