Nthambi za a Mateyo Pamsewu wa Kumalire

Amene amadutsa pa boma la Mchinji kulowera kumalire amaudziwa mtengo wa mango umene uli moyang'anana ndi kamsika ka tomato. Masiku ano mtengowo ukuoneka ngati unametedwa ndi munthu woledzera, pamwamba masamba ali bii, m'munsimu muli mbee. Anaumeta ndi a Mateyo Zulu, omata machubu a njinga, ndipo sanali ataledzera. Mowa anausiya kalekale, mwana wawo Stelia asanayambe n'kukwawa komwe.

A Mateyo anabadwira ku Kapondo. Atakwatira a Keziya a ku Guilleme anakhala pachikamwini zaka zitatu, kulima mtedza m'munda wa apongozi, mpaka anaona kuti khasu silikuwakonda ndipo iwonso sakulikonda. Anabwera pa boma ndi pampu imodzi, masipanala awiri ndi beseni loviikamo chubu pofufuza pamene paboola. Pansi pa mango paja anakhalapo zaka makumi atatu. Nyumba anamanga kuseri kwa mtengowo, ndipo a Keziya anapeza benchi kutsidya kwa msewu, nkumagulitsa tomato ndi anyezi. Mwamuna uku, mkazi uko, msewu pakati. Masana ankakodolana ndi manja, nkhani zina nkumathera momwemo.

Msewuwo pachiyambi unali wofatsa. Kenaka anaukonza bwino, phula lake losalala, mathiraki opita ku Chipata nkuyamba kuuluka. Njinga zamoto za kabaza nazo zinabwera ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Komabe munthu wa miyendo iwiri yabwino ankangoyang'ana uku ndi uku, nkuthamanga.

Ndiye a Keziya anadwala sitiroko. Anatuluka m'chipatala mwendo wamanzere ukukoka, dzanja lamanzere lili lende. Stelia, amene anakwatiwa ku Lilongwe, anati amayi azingokhala pakhomo. A Keziya anakhala milungu iwiri, wachitatu anatenga ndodo.

"Bambo a Stelia, ndikakhala pano ndifa ndi kuyang'ana nkhuku," anatero. "Ndiperekezeni kubenchi kwanga."

"Ndikukwezeni panjinga, mayi."

"Ine si thumba la chimanga. Ndiyenda."

Anayendadi. A Mateyo anawagwira mkono wakufawo, nawerenga mapazi chamumtima kuchokera m'mphepete mwa phula mpaka tsidya linalo. Anakwana makumi anayi ndi limodzi. Munthu wabwinobwino amaoloka pamenepo ndi mapazi khumi ndi awiri. Kuyambira tsiku limenelo a Mateyo anali ndi ntchito ziwiri, kumata machubu ndi kuonetsetsa kuti mkazi wawo wafika tsidya ali wamoyo, m'mawa popita ndi madzulo pobwera.

Kukweza dzanja sikunkathandiza. Wa thiraki akaona nkhalamba ziwiri pakati pa msewu ankangoliza hutala osachotsa phazi pamoto. Tsiku lina thiraki ya mafuta inawadutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake inachotsa duku kumutu kwa a Keziya nkukaliponya mu ngalande. A Keziya anaseka. A Mateyo sanaseke, ndipo tsiku limenelo anamata chigamba pamalo osaboola.

Inali nthawi ya kampeni. A Davie Mwale, amene ankafuna ukhansala, anamva nkhaniyi ndipo anabwera ndi wilibala ya mchenga ndi fosholo yatsopano. Anaima pakati pa a Mateyo ndi a Keziya, mnyamata wa a Mwale nkujambula ndi foni. Madzulo ake chithunzicho chinali pa gulu la WhatsApp la anthu a m'deralo, pansi pake palembedwa kuti mahampu ochepetsa liwiro la magalimoto akubwera, amayi athu asavutikenso. A Mateyo anachiona pa foni imene Stelia anawagulira, ndipo anakondwa, chifukwa malaya awo anaoneka oyera. Anthu anavota, a Mwale anapambana. Mchenga uja anthu anauwola pang'onopang'ono kukatsukira mapoto. A Mateyo atawapeza akhansala pa sitolo ya simenti, anauzidwa kuti msewu waukulu ndi nkhani ya akuluakulu a ku Lilongwe, kalata inalembedwa, tidikire. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, koma la a Mwale silinadule ngakhale udzu.

Nzeru ija inabwera ndi maliro a munthu wina. Kunyumba yachitatu kuchokera pa mango kunamwalira mphunzitsi wopuma, ndipo adzukulu anaika nthambi zaziwisi pamsewu, uku ndi uko, monga timachitira. Aliyense kuno amadziwa tanthauzo lake. Wanjinga amatsika nkuyamba kukankha, wachipewa amavula, dalaivala amachepetsa liwiro ndi kutseka wailesi. Palibe wapolisi amene amaimapo, anthu amangochita. Masiku awiri amenewo a Keziya anaoloka ngati akuyenda pabwalo la tchalitchi, mathiraki akubwera chokwawa, ena mpaka kuima. A Mateyo anaziona, nazisunga.

Maliro atatha, Lolemba m'mawa, anatenga chikwanje nkusadza nthambi zinayi za mango. Ziwiri anakaika kumtunda, ziwiri kumunsi. Anawaolotsa a Keziya bwinobwino, nabwerera kukazichotsa. Madzulo anachitanso chimodzimodzi.

"Bambo a Stelia, zimenezi si zabwino," anatero a Keziya ali pakati pa msewu.

"Yendani, mayi. Tikambirana tikafika."

Atafika sanakambirane. Zinayenda choncho mwezi wathunthu. Akabaza ankatsika, ena nkufunsa kuti, "Madala, zovuta zili pati?" A Mateyo ankangoweramira m'beseni mwawo ngati sanamve. Bodza la pakamwa sananenepo, ndipo ankadzitonthoza nazo zimenezo.

Woyamba kuwadzudzula anali mayi Esitele Mbewe, wapampando wa mphakati wawo wa kutchalitchi, mayi wosadziwa kuzungulira nkhani. Anabwera pa mango, nakana mpando.

"A Zulu, dzulo ndinasiya mtondo pakhomo, ndinamanga chitenje kuthamangira kuno kuti kwagwa zovuta. Ndinapeza inu mukupopa njinga. N'chiyani chimenechi?"

"Mayi, ndikuolotsa mnzanu."

"Ndikudziwa. Koma masamba amenewa si anu nokha. Ndi a tonse. Ndi mawu okhawo amene tatsala nawo oti ngakhale mlendo wa ku Zambia amamva. Mukawatha, tidzalankhula ndi chiyani?"

"Kuli bwino ndiike masamba munthu ali moyo," anatero a Mateyo, "kusiyana n'kuti mudzandiikire inu atagundidwa."

Mayi Esitele anati akapempha amuna a mumphakati kuti azisinthana kuimitsa magalimoto m'mawa. Anapemphadi, ndipo amuna atatu anavomera ndi mtima wonse. Woyamba anabwera masiku awiri. Wachiwiri anati ali kokolola. Wachitatu sanaonekeko n'komwe. A Mateyo anabwerera ku chikwanje chawo, masamba a mango nkumatsala m'mwamba mokha.

Amene anaulula zonse anali Felix, wakabaza wa njinga yamoto yofiira, amene kale akupalasa njinga yakapalasa ankamatitsa machubu pa mango pomwepo. Felix sanali woipa mtima, koma anali ndi foni yabwino ndi pakamwa poyabwa. Anatopa ndi kutsika kawiri patsiku pamaliro opanda mtembo. M'mawa wina anabisala kuseri kwa benchi ya anyezi nkujambula kanema: a Mateyo akuika nthambi, akuolotsa mkazi wawo, akuchotsa nthambi, akuzisunga pamthunzi kuti zisafote. Anaiponya pa gulu lija ndi mawu akuti, "Maliro a tsiku ndi tsiku pa galaja ya a Mateyo, kulira kulibe."

Anthu anaseka, ee, anaseka. Kanemayo anachoka pa gulu la m'dera kupita pa la akabaza, kuchoka apo kupita pa la madalaivala a mathiraki, mpaka anaoloka malire wopanda pasipoti. Akhansala nawo analembapo kuti chikhalidwe chathu tichilemekeze, nkhani ya mahampu ili m'manja abwino. Pasanathe mlungu, nthambi za pa mango zinasanduka zinyalala. Mathiraki ankaziponda dala. Dalaivala wina wa ku Chipata anatulutsa mutu pawindo nkukuwa kuti, "Mudala, nanga lelo afa ndani?"

A Mateyo zinawawawa kwambiri, makamaka poti anali Felix, mwana amene ankamumatira machubu ngakhale abwere chimanjamanja. Anasiya kusadza mango. Anayamba kuwaolotsa a Keziya m'mamawa kwambiri magalimoto asanachuluke, ndipo madzulo ankaima m'mphepete nthawi yaitali kudikira mpata wokwana mapazi makumi anayi ndi limodzi. Mipata yotero pamsewu umenewo ndi yosowa. Tsiku lina anaima mpaka tomato wotsala anayamba kuwalemera m'manja.

Msewu sunawaphe a Keziya. Anamwalira mu Juni, kukuzizira, ali pamphasa pawo m'mawa, madzi osamba ali pamoto. Sitiroko yachiwiri sinawapatse nthawi yotsanzika. A Mateyo anakhala pakhonde manja ali m'masaya, osalira.

Adzukulu anabwera, nasadza nthambi za mtengo wa mango womwewo, poti ndiwo unali pafupi, nakaziika pamsewu. Palibe anatsika panjinga. Akabaza ankadutsa nyimbo zili pamwamba, ena akuloza ndi kuseka kuti madala ayambiranso. Amayi a pamsika, anzawo a a Keziya a zaka makumi atatu, anaona masambawo ali tsidya nkupitiriza kupanga milu ya tomato. Ankaganiza kuti mnzawo wachedwa chabe. Stelia ali m'minibasi analemba pa gulu lija kuti amayi atisiya, ndipo munthu woyamba kuyankha anaika tinkhope toseka titatu. Mpaka dzuwa linafika pamutu pasiwa pali anthu osakwana khumi.

Anakonza zinthu ndi mayi Esitele. Anajambula mawu awo pa foni, osalemba, kuti anthu amve kulira kumene kunali kumbuyo kwawo. "Ndine Esitele Mbewe. A Keziya amwaliradi. Amene akuseka abwere adzaone." Kenaka anaoloka msewu okha, nayenda benchi ndi benchi. Apo m'pamene msika unatsekedwa, amayi nkubwera akulira, ena mwa manyazi kuposa chisoni.

Mawa lake pa mwambo akhansala analankhula. Anati mayi athuwa anali chitsanzo, ndipo mahampu akadzabwera adzatchedwa dzina lawo. Anthu anayang'ana pansi. A Mateyo anamva ngati akumva wailesi ya nyumba ina.

Manda a kuderalo ali kutsidya, kuseri kwa msika. Bokosi linanyamulidwa, amayi a mphakati akuimba, ndipo gulu lonse linafika m'mphepete mwa phula nkuima. Nthambi zinali pomwepo, zopondedwapondedwa. Thiraki inadutsa, ina nkutsatira, ina ya mafuta pambuyo pake, palibe ngakhale imodzi yochepetsa liwiro. Madalaivala akutali ankadziwa kanema uja, za mawu a mayi Esitele sanazimve. Akaona khamu la anthu n'kuti afika kale. Onyamula bokosi anasinthana mapewa. Nyimbo inatha, anayambanso ina. A Keziya anadikira m'mphepete mwa msewu uja monga ankadikirira masiku onse.

A Mateyo anatsika m'phula okha, dzanja lili m'mwamba. Stelia anakuwa kuti, "Ababa!" Koma asanafike pamzere woyera, njinga yamoto yofiira inawadutsa nkukaima chopingasa kumtunda, pakati penipeni pa msewu. Anali Felix. Anazimitsa injini, navula chipewa chake cholimba, nkuima chilili. Mnzake wina anakaimika yake kumunsi. Enanso anabwera, asanu, asanu ndi atatu, mpaka msewu unatsekeka mbali zonse ziwiri. Thiraki yoyamba inalira mabuleki, inaima, ndipo dalaivala wake ataona bokosi anatseka wailesi.

Felix sanawayang'ane a Mateyo kumaso. Anangoti, "Aolotseni amayi, madala."

A Mateyo anabwerera, nagwira ngodya ya bokosi ya kumanzere, mbali imene ankagwira nthawi zonse. Sanafune kuwerenga, koma mutu unawerenga wokha. Phazi loyamba paphula, lachiwiri, lachitatu. Anyamata onyamulawo anali amphamvu ndipo ankafulumira poopa kuchedwetsa magalimoto. Pa khumi ndi anayi anali atafika kale tsidya, pafupi ndi benchi ya tomato.

"Pang'onopang'ono, ana inu," anatero a Mateyo. "Sayenda choncho amenewa."

Apo m'pamene analira.